Kukayezetsa khomo la chiberekero: zochita kuyambira kunyumba mpaka tsiku lobwereranso

Mayi woyenera kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero ndi amene sakumva kupweteka paliponse, akulima bwinobwino, akupita kumsika, akusamba m'nthawi yake. Ambirife tinakula tikudziwa kuti kuchipatala amapita ndi wodwala, ndiye timadikira kuti thupi litiuze. Matenda awa salankhula msanga. Akamadzayamba kuonetsa zizindikiro amakhala atazika kale mizu, ndipo nthawi zambiri mwayi wa thandizo losavuta umakhala utadutsa.

Chiwerengero cha bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO cha chaka cha 2020 chinaonetsa kuti ku Malawi kuno amayi oposa 4,000 amapezeka ndi khansa imeneyi pa chaka, ndipo pafupifupi 2,900 amamwalira nayo. Amenewo ndi amayi 8 tsiku lililonse. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansayi ikupha kwambiri pa dziko lonse. Chimene chimandiwawa n'chakuti iyi ndi khansa imodzi mwa zochepa zimene munthu angathe kuzitsekereza zisanayambe, ndipo boma linayamba kuyeza amayi m'zipatala zake kuyambira mu 2004.

Khomo la chiberekero ndi kunsi kwa chiberekero, pamene chimakumana ndi njira ya abambo. Ndi pamene pamatseguka mwana akamabadwa. Chimayambitsa khansa pamenepa ndi kachilombo kotchedwa HPV, kamene kamafala pogonana. Ndi kofala kwambiri moti pafupifupi aliyense amene anagonanapo, mwamuna kapena mkazi, amakatenga nthawi ina pa moyo wake osadziwa. Mwa anthu ambiri thupi limakagonjetsa lokha pasanathe zaka ziwiri. Mwa amayi ena kamakhazikika n'kuyamba kusintha khungu la pakhomo la chiberekero pang'onopang'ono. Kusinthako si khansa ayi, ndi chiyambi chabe, ndipo kuti kufike pa khansa pamatha zaka 15 mpaka 20. Kwa mayi amene chitetezo chake chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, zaka 5 mpaka 10 zimakwana. Kuyeza kumafuna kupeza kusintha kuja m'zaka zimenezi, kukadali kamalo kakang'ono kotheka kukawononga pa mphindi zochepa.

Choyamba, onani ngati nthawi yanu yakwana

Ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo imaika patsogolo amayi a zaka 25 mpaka 49. Ngati muli m'zaka zimenezi ndipo simunayezetsepo, nthawi yanu ndi ino, kaya muli pabanja, kaya banja linatha, kaya amuna anu anamwalira kalekale. Kachilombo kamene munatenga muli ndi zaka 20 kangathe kukhala kakugwirabe ntchito yake muli ndi zaka 40.

Ngati muli ndi HIV, musadikire n'komwe. Amayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chodwala khansayi kuchulukitsa ka 6 poyerekeza ndi amene alibe. Zipatala zambiri zimene zimapereka ma ARV zimayezanso khomo la chiberekero, ndiye tsiku lokatenga mankhwala funsani kuti akulozereni chipinda chake. Kumwa ma ARV mokhulupirika kumathandiza thupi kulimbana ndi HPV, koma sikulowa m'malo mwa kuyezetsa.

Amayi amene adutsa zaka 50 asaganize kuti ataidwa. Mayi akasiya kusamba, malo amene khansa imayambira amabwerera mkati, moti njira yoyeza ndi maso siwaona bwino. Pali njira zina zotenga madzi a pakhomopo kukawayeza ku labu. Pitani mukafotokoze zaka zanu, akuuzani njira yokuyenerani kapena akutumizani kumene ikupezeka.

Pali gulu lina limene siliyenera kuwerenga zaka kapena kudikira tsiku loyeza. Ngati mukutaya magazi mukatha kugonana, kapena pakati pa msambo ndi msambo, kapena magazi abweranso chonsecho munasiya kusamba. Ngati mukutuluka chikazi chonunkha kapena chamadzimadzi chosatha. Ngati m'chinena ndi msana zikupweteka osaleka, pitani sabata ino. Kumudzi zoterezi timafulumira kuzitcha mauka kapena kuganiza kuti wina watichita chipongwe, ndipo miyezi imatha tikumwa zitsamba. Zizindikirozi sizitanthauza kuti ndi khansa basi, matenda ena opatsirana pogonana amachitanso chimodzimodzi, koma wosiyanitsa ndi amene wayang'ana pakhomopo ndi maso.

Pezani malo ndi tsiku

Zipatala za boma za m'maboma onse ndi zipatala zing'onozing'ono zambiri zimayeza, ndipo m'zipatala za boma n'kwaulere. Zipatala za mishoni zimene zili pansi pa CHAM, komanso za Banja La Mtsogolo ndi bungwe la zolera la FPAM, nazonso zimayeza, kungoti kwina mungalipire, choncho funsani mtengo musananyamuke. Si malo onse amene amayeza tsiku lililonse. Kwina namwino wophunzitsidwa ntchitoyi ndi mmodzi yekha. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena anamwino a kusikelo ndi kolera, ndi amene amadziwa tsiku lake. Mufunsenso funso ili limene ambiri saliganizira: kodi mukapezeka ndi vuto amathandiza pompo, kapena amatumiza kwina? Ngati pali zipatala ziwiri zimene mungafikeko, sankhani chimene chimayeza n'kuthandiza tsiku lomwelo, ngakhale chitalikireko pang'ono. Ulendo umodzi wautali ndi wotchipa kuposa maulendo awiri, ndipo amayi ambiri amasowa pa ulendo wachiwiriwo.

Sankhani tsiku limene simuli kumwezi, chifukwa magazi ochuluka amabisa malo ofunika kuonedwa. Ngati ndinu woyembekezera kapena mukukayikira, nenani. Kawirikawiri amakuuzani kuti mubwere pakatha milungu 6 mutachira. Lupu, jakisoni wolera kapena kachipangizo ka pamkono siziletsa kuyezetsa.

Kambiranani ndi bambo a kunyumba musanapite

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene zinthu zambiri zimasokonekera. Kuyezetsa ndi ufulu wanu, sikufuna chilolezo cha munthu. Koma mukapezeka ndi kusintha kuja n'kulandira thandizo, adzakuuzani kuti musakhale malo amodzi ndi abambo kwa milungu 4, kwina amanena 6. Mayi amene wangotulukira nazo madzulo nkhani zimenezi amakumana ndi mafunso ovuta. Ena amakana thandizo ali kale pabedi la kuchipatala, n'kunena kuti ndikafunse kaye kunyumba, ndipo sabweranso.

Ndiye yambani inu nkhaniyo kukadali masiku. Mungathe kunena motere: "Bambo a Chisomo, Lachitatu ndikufuna ndikayezetse khomo la chiberekero. Sindikudwala ayi, amayeza amayi onse a msinkhu wanga. Akakandipeza ndi kavuto amathandiza tsiku lomwelo, koma pamafunika mwezi wathunthu kuti pachire tisanakhalire pamodzi. Ndati mudziwiretu." Amuna ambiri akamva zinthu pasadakhale, ndipo akamva kuti n'za mwezi umodzi, savuta. Ngati mukudziwa kuti anuwo ndi ovuta, apempheni kuti mupitire limodzi akamve okha kwa namwino, kapena pemphani mlangizi wa zaumoyo kapena ankhoswe kuti akuthandizeni kufotokoza.

Abambo amene mukuwerenga, mumve ichi. Mkazi wanu akapezeka ndi HPV kapena kusintha kwa pakhomo la chiberekero, si umboni wakuti wayenda njira. Kachilomboka kamakhala m'thupi zaka zambiri mwakachetechete, ndipo amuna amakanyamula popanda chizindikiro chilichonse. Palibe angaloze kuti kanabwera ndi ndani kapena liti. Chimene mungachite ndi kupereka ya transipoti, kusamala ana tsiku limenelo ndi kupirira mwezi umodziwo.

Kukonzekera

Palibe zambiri. Idyani monga mwa masiku onse. Sambani kunja kokha, osatsuka mkati ndi sopo kapena chala, ndipo musaikemo mankhwala achikuda, ndimu kapena china chilichonse kwa masiku angapo musanapite, chifukwa zimenezi zimatupitsa khungu n'kusokoneza zimene namwino akuona. Tengani buku lanu la kuchipatala, chitenje choyala ndi china chofunda, komanso padi kapena kansalu koyera. Ngati mumamwa ma ARV, tengani zolemba zake. Mukumbukire tsiku limene munayamba msambo womaliza, chifukwa akufunsani. Mukafika, kataye madzi musanalowe, chikhodzodzo chodzaza chimapangitsa kuti musamve bwino poyezedwa.

Ngati mukuchita mantha, pitani ndi mnzanu amene nayenso sanayezetse. Amayi a m'banki m'khonde imodzi kapena a mvano angathe kupangana tsiku n'kupita onse.

Zochitika m'chipinda

Namwino ayamba ndi mafunso: zaka zanu, ana angati, msambo womaliza, njira yolera, ngati mukudziwa mmene magazi anu alili pa nkhani ya HIV. Ngati simukudziwa, akupemphani kuyezetsa, ndipo ndi bwino kuvomera chifukwa zotsatira zake ndi zimene zimanena kuti mudzabwerenso liti.

Kenako muvula kabudula wamkati n'kugona chagada, mawondo atapindika ndi kutambasuka, chitenje chili pamwamba. Namwino alowetsa kachipangizo kotsegulira njira kuti khomo la chiberekero lioneke. Ndi chitsulo chija chimene amayi amaopsezana nacho pa mjigo. Kena kamakhala kapulasitiki. Kamazizira ndipo kamakankha, koma sikadula kanthu, ndipo amasankha kakang'ono kapena kokulirapo malinga ndi thupi la munthu. Mukaumitsa thupi ndi pamene kamapweteka, ndiye pumani mozama, matako akhale pansi, ndipo ngati mukumva kuwawa nenani kuti aime kaye.

Akatero amaunika ndi tochi, n'kupaka viniga wosungunula pakhomopo ndi thonje. Njira imeneyi imatchedwa VIA. Viniga amanyerenyetsa pang'ono. Amadikira mphindi imodzi. Malo amene khungu lasintha amayera mbuu, pamene abwino amakhala ofiirira monga analili. Basi kuyeza kwatha. Zonse sizipitirira mphindi 10.

Mphekesera yakuti amatulutsa chiberekero n'kuchitsuka kenako n'kuchibwezera ndi bodza lenileni. Chiberekero sachikhudza n'komwe, amangoyang'ana khomo lake. Kuyezaku sikutseka mayi kubereka ndipo sikuyambitsa khansa. Mayi amene anamwalira patangopita miyezi atayezedwa, amene nkhani yake imakambidwa m'mudzi, anafika matenda atafalikira kale. Kuyeza kunangowaulula.

Nanga manyazi? Ndi enieni, makamaka woyeza akakhala mwamuna kapena mwana wamng'ono wa msinkhu wa mwana wanu. Muli ndi ufulu wofunsa ngati pali namwino wamkazi, kapena wopempha kuti mayi wina akhale nanu m'chipindamo. Koma ngati tsiku limenelo alipo ndi mwamuna yekha, ine ndikuti lowani. Pobereka sitisankha wotichiritsa, ndipo akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Zipatala zina tsopano zili ndi njira yoyeza kachilombo ka HPV mwachindunji. Amakupatsani kamtengo kokhala ndi thonje kumapeto, mumalowa nokha pamalo obisika, n'kukalowetsa m'njira ya abambo, kukazunguza, n'kukabwezera m'kabotolo. Makina ndi amene amayeza. Njira iyi imaona zambiri kuposa maso. Ngati ilipo, itengeni. Kungoti akapeza kachilomboko mudzafunikabe kugona pabedi paja kuti aone pakhomopo, ndipo ngati zotsatira sizituluka tsiku lomwelo musachoke musanadziwe tsiku lodzazimva ndi kusiya nambala ya foni yogwira.

Mvetsani zotsatira musanatuluke

Zotsatira za VIA zili mitundu itatu, ndipo amayi ambiri amatuluka atasokoneza yachiwiri ndi yachitatu.

Akakuuzani kuti palibe chimene apeza, ndi nkhani yabwino, koma ndi ya lero. Mudzafunika kubweranso, kawirikawiri pakatha zaka 3, ndipo amayi amene ali ndi HIV amabwera msanga kuposa pamenepo. Auzeni alembe chaka ndi mwezi m'buku.

Akakuuzani kuti apeza malo oyera, kapena akalemba kuti VIA positive, sanakupezeni ndi khansa. Apeza kusintha kuja kumene kukanatha kudzasanduka khansa patsogolo. Ndi chimene munapitira, ndipo mwachipeza pa nthawi yake.

Akakuuzani kuti akukayikira khansa, ndiye kuti aona chilonda kapena chotupa chimene maso okha sangagamule. Afunika kudula kanyama kakang'ono kuti kakayezedwe ku labu. Mpaka zotsatira za labu zitabwera palibe amene anganene motsimikiza.

Ngati simunamve bwino, funsani mosaopa: "Anamwino, mwati ndili ndi khansa kapena chiyambi chabe? Ndichite chiyani tsopano? Ndibwere liti?" Si mwano. Pamzere pakhale anthu ochuluka bwanji, mafunso atatuwa ayankhidwe.

Landirani thandizo tsiku lomwelo ngati likupezeka

Malo oyerawo akakhala aang'ono ndipo akuoneka onse, amawawotcha. Mawu akuti kuwotcha amaopsa, koma palibe moto. Ndi kachipangizo kamene nsonga yake imatentha kufika madigiri 100, amakagunditsa pamalopo kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi, mwina kawiri kapena katatu malinga ndi kukula kwa malowo. Simugonekedwa tulo. Mumamva kupotokola m'chinena ngati kwa msambo ndi kutentha pang'ono, kenako mumadzuka n'kuyenda nokha. Chipatala cha Nkhoma ku Lilongwe, mothandizana ndi madokotala a ku Scotland, ndi chimodzi mwa zoyamba kugwiritsa ntchito njirayi m'dziko muno. Inafala chifukwa njira yakale youmitsa malowo ndi mpweya wozizira kwambiri inkadalira mabotolo a gasi olemera amene ankatha kawirikawiri, pamene kachipangizo aka n'konyamulika ndipo kena kamayendera batire. Kumene akugwiritsabe ntchito njira yoziziritsa, nayonso imathandiza bwino.

Malowo akakhala aakulu kapena alowera mkati, amakutumizani kuchipatala chachikulu kukachotsa kachigawo kodwalako ndi kawaya kamagetsi, njira yotchedwa LEEP. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo ndipo mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Njira zonsezi sizichotsa chiberekero, mungathe kutenga pakati ndi kubereka. Ngati munachitidwa LEEP, mukadzayamba sikelo ya pakati mudzawauze.

Mwezi wotsatira

Mudzatuluka madzi ambiri kumaliseche, mwina osakanikira ndi timagazi, kwa milungu iwiri mpaka inayi. Ndi chizindikiro chakuti pakuchira, valani padi kapena kansalu koyera n'kumasintha pafupipafupi. Musalowetse chilichonse mkati, kaya chala, thonje kapena mankhwala. Musagonane mpaka milungu imene anakuuzani itakwana. Ngati zakanikiratu, kondomu ivalidwe, chifukwa pamalopo pali bala limene lingalandire matenda mosavuta, ndipo ngati mmodzi wa inu ali ndi HIV mpata wopatsirana umakula nthawi imeneyi. Panado amakwanira pa kupotokola kwa masiku oyamba. Ntchito zopepuka gwirani, koma masiku oyambirira mtolo wa nkhuni ndi ndowa yaikulu asenze ena.

Bwererani kuchipatala mwamsanga, ngakhale usiku, ngati thupi latentha ndipo mukunjenjemera, ngati m'mimba mukupweteka kwambiri, ngati chikazi chayamba kununkha kapena chikuoneka ngati mafinya, kapena ngati mukutaya magazi ochuluka kuposa a msambo.

Pakatha chaka chimodzi muyenera kukayezetsanso, ngakhale mukumva bwino. Mwa amayi ambiri malowo amakhala atachira, koma mwa ena, makamaka amene ali ndi HIV, kusintha kumabwereranso ndipo kumafuna thandizo lachiwiri. Ulendo uwu ndi umene amayi ambiri amaudumpha. Ugwirizanitseni ndi chinthu chimene simungaiwale: ngati munathandizidwa nthawi yokolola, nthawi yokolola ikubwerayo ndi yanu.

Mukatumizidwa kuchipatala chachikulu

Kalata imene akupatsani musaipinde n'kuisunga m'sutikesi podikira kuti mugulitse kaye mbewu. Uzani achibale tsiku lomwelo kuti athandize ya ulendo. Zipatala zazikulu ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Ku Queen Elizabeth bungwe la madokotala othandiza m'mayiko osiyanasiyana la MSF linayamba ntchito yothandiza amayi odwala khansa imeneyi mu 2018. Akadula kanyama kaja, funsani kuti zotsatira mudzazimvera kuti, liti, ndipo mufunse ndani zikachedwa. Zimachedwadi nthawi zina. Tsiku likadutsa, pitani mukafunse, musadikire kuitanidwa.

Khansa ikapezeka isanafalikire imachizika ndi opaleshoni, ndipo apa ndi pamene chiberekero chimachotsedwa. Ikakula amagwiritsa ntchito mankhwala a m'diripi ndi makina opha khansa ndi cheza champhamvu, otchedwa radiotherapy. Kwa zaka zambiri makinawa kunalibe kuno ndipo odwala ankatumizidwa kunja, koma mu 2025 anatsegula National Cancer Centre pa Kamuzu Central. Ngakhale kwa mayi amene matenda afika patali thandizo lilipo: mankhwala a morphine oletsa ululu, ndi oletsa fungo ndi magazi, amaperekedwa m'zipatala za boma ndi malo monga Tiyanjane ku Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima. Mayi wotere asabisidwe m'nyumba.

Ana aakazi

Pobwerera kunyumba, yang'anani buku la kuchipatala la mwana wanu wamkazi. Katemera wa HPV anayesedwa koyamba ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013, ndipo mu Januwale 2019 anayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Amateteza ku mitundu ya kachilomboka yotchedwa 16 ndi 18, imene imayambitsa pafupifupi khansa 7 mwa 10 zilizonse za khomo la chiberekero. Amaperekedwa kwa ana aang'ono chifukwa amagwira bwino ntchito mtsikana asanakumane ndi kachilomboko, ndipo satseketsa kubereka. Ngati mwana wanu anadutsa zaka 9 osabayitsa, funsani mlangizi wa zaumoyo kapena aphunzitsi ake kuti angalandire liti. Mumuuzenso kuti katemerayo sateteza ku mitundu yonse, choncho akadzakwanitsa zaka 25 nayenso adzafunika kukayezetsa ngati inu.